Kusankha Mpira wa Bowling Woyenera Leni ya Mafuta Ochepa ndi Apakatikati

Mpira wa bowling woyamba wa reactive (wa khungu lomwa mafuta ndi logwira pansi mwamphamvu) umene ndinagula unali wa gulu lamphamvu kuposa yonse imene inali pa shelefu. Ndinali nditauona pa vidiyo ukukhota ngati uli ndi maso, mtima n'kungoti ndi womwewu basi. Koma leni (tinjira toponyapo mpira) zimene ndinkasewerapo zinali za madzulo, anthu ataponyapo kale tsiku lonse. Mpira uja unkayamba kugwira pansi usanafike n'komwe pakati, n'kukhota msanga, kenako n'kumangogubuduzika mofooka mpaka kukagunda mapini ngati wotopa. Pini ya nambala 10, ya mzere wakumbuyo kumanja, inkangotsala ili njo pakona, kuponya kulikonse. Mpirawo unalibe vuto. Anaupangira leni yopakidwa mafuta ambiri, pamene pansi paja mafuta anali atatha kalekale.

Pa leni ya mafuta ochepa mukufuna mpira wosunga mphamvu zake mpaka kumapeto. Zonse zili m'munsimu zikuchokera pa mfundo imeneyi.

Yambani ndi leni, musanayang'ane mpira uliwonse

Kuchokera pa mzere woponyera kufika pa pini yakutsogolo pali mafiti 60, ndipo m'lifupi leni imawerengedwa matabwa 39. Makina amapaka mafuta kuyambira pa mzere uja mpaka penapake chapakati pa mafiti 32 ndi 45, kotsalako n'kukhala kouma. Pa mafuta mpira umaterereka, pouma umagwira n'kukhota. Choncho muyenera kudziwa zinthu ziwiri: mafuta afika patali bwanji, ndiponso achuluka bwanji.

Funsani amene amayendetsa makina opaka mafuta. Ambiri amakondwa akafunsidwa, ndipo ena amakuonetsani pepala lenileni la patani yawo, kutanthauza kapakidwe ka mafutawo. Papepalapo onani kutalika kwa patani m'mafiti ndi kuchuluka kwa mafuta m'mamililita. Osewera ambiri amati mafuta ozungulira mamililita 20 kapena ocheperapo ndi ochepa, ndipo oyambira pamenepo kufika cha m'ma 25 ndi apakatikati. Patani ya masiku onse, imene amati house shot, nthawi zambiri imatalika mafiti ozungulira 40, mafuta atawunjikana pakati koma m'mbali muli mouma. N'chifukwa chake imakhululukira: mukaphonyera kunja mpira umapeza pouma n'kubwerera, mukaphonyera m'kati umaterereka n'kusunga mzere.

Mukadziwa kutalika, chotsanipo 31. Nambala yotsalayo ndi thabwa, kuwerenga kuchokera m'mphepete mwa leni mbali ya dzanja lanu loponyera, limene mpira uyenera kukhalapo potuluka m'mafuta. Patani ya mafiti 40 ikupatsani thabwa la 9, ya mafiti 36 ikupatsani la 5. Ndi chiyerekezo chabe, koma chimakuuzani kuti pa patani yaifupi mpira uli ndi mtunda wautali wouma woti uyendepo, ndiye sukufunika kuthandizidwa kukhota.

Pepalalo limanena za leni imene yangopakidwa kumene. Ngati mumasewera usiku, kapena pambuyo pa anthu oponya mipira ya pulasitiki, zimene mukupeza ndi zina. Mipira ya reactive imamwa mafuta a koyambirira kwa leni, ya pulasitiki imawakankhira kumapeto kumene kunayenera kukhala kouma. Leni yathabwa yakale imagwiranso mpira msanga kuposa yopangidwa ndi zinthu za kufakitale, ngakhale zitapakidwa mofanana. Ndiye dziyesereni nokha: ponyani kamodzi, mpira ukabwerera uutole musanaupukute, muone mizere ya mafuta pakhungu lake. Ikakhala yonyezimira, yoti chala chikadutsapo chinyowa, mafuta alipo. Ikakhala yosaoneka bwino, kapena palibiretu, muli pouma. Chitani zimenezi masiku atatu kapena anayi pa nthawi imene mumasewera kawirikawiri, chifukwa mpira mukugulira nthawi imeneyo.

Onetsetsani mpira umene muli nawo kale

Mpira woyenda bwino umadutsa magawo atatu. Umayamba ndi kuterereka, kenako umakhota, pomaliza umagubuduzika molunjika kulowa m'mapini. Kwa woponya ndi dzanja lamanja, polowera pabwino ndi pakati pa pini 1, yakutsogolo ija, ndi pini 3, yoyandikana nayo kumanja, ndipo mpira wolowa mopendekera madigiri 6 ndi umene umagwetsa onse kawirikawiri.

Pemphani mnzanu akujambuleni ali kumbuyo kwanu, kenako muonere mwakachetechete. Mpira ukayamba kukhota utangodutsa mivi yojambulidwa pa leni cha pa mafiti 15, n'kumaliza kukhota kukadali kutali, wawononga mphamvu panjira. Muuzindikira ndi kulira kwake pogunda: phokoso lofowoka, mpira n'kupatukira kumanja utagunda pini yoyamba, pini 6 n'kungogona m'ngalande osakhudza 10. Chizindikiro china ndi mpira wodumpha mwadzidzidzi ukangokhudza pouma, n'kukalowa pamphuno pa pini 1, kukusiyirani mapini otalikirana mbali ziwiri. Mavuto awiriwa amafanana gwero koma mankhwala ake ndi osiyana. Woyambawo ukufuna khungu losalala kuti ufike patali. Wachiwiriwo ukufuna mpira wokhota mofatsa, wosadzidzimuka.

Lembani zimene mwaona. Mudzazifuna pokambirana ndi woboola mabowo a zala pa mpira.

Dziyeseni liwiro ndi kazunguzidwe kanu

Anthu awiri akhoza kuponya mpira umodzi pa leni imodzi, wina n'kuuyamikira, wina n'kuudandaula. Chimasiyanitsa ndi liwiro la mkono ndi kuchuluka kwa kuzungulira kumene dzanja limaupatsa mpira.

Liwiro limaoneka pa sikirini m'malo ambiri osewerera, ndipo nthawi zambiri limayezedwa chakumapeto, mpira utachepetsa kale kuthamanga. Mamailosi 16 kapena 17 pa ola ndi liwiro lapakati. Kuzungulira mungakuyeze pomata kachidutswa ka tepi yoyera pamwamba pa mabowo a zala, n'kujambula vidiyo yoyenda pang'onopang'ono. Pansi pa maulendo 300 pa mphindi amati n'kochepa, kupyola 400 n'kochuluka.

Amene amavutika kwambiri pouma ndi woponya pang'onopang'ono koma wozunguza kwambiri. Mpira wake umakhala ndi nthawi yambiri yogwira pansi, ndiye ayenera kutsika kwambiri, kufika ku mipira yofatsa kwenikweni. Woponya mothamanga koma wozunguza pang'ono asatsike mopyola. Liwiro lake likuufikitsa kale mpira patali, ndipo akagula wofooka kwambiri adzauona ukudutsa mapini usanakhote. Kwa iyeyu mpira wapakati ndi wokwanira ngakhale mafuta atachepa.

Sankhani khungu

Apa m'pamene pagona nkhani, ndipo ndikupemphani mudekhe. Bungwe la USBC, limene limaika malamulo a zida za masewerawa ku America, linachita kafukufuku wa kayendedwe ka mpira amene anatha mu 2008. Linapeza kuti khungu la mpira, makamaka kukhakhala kwake, ndi limene limalamulira kayendedwe kuposa zonse za m'kati. Khungu ndi limene limakhudza leni. Mtima wa mpira, cholemera cha m'kati mwake, umangoumba maonekedwe a kukhotako.

Khungu la pulasitiki silimwa mafuta ndipo limayenda pafupifupi molunjika. Ntchito yake yeniyeni ndi kutola mapini otsala, ngakhale pa leni youmiratu ena amaligwiritsa ntchito poponya koyamba. Aliyense ayenera kukhala ndi mpira umodzi wotere, koma si umene tikusaka pano.

Urethane inafala kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Imagwira pansi msanga koma mofatsa, kukhota kwake n'kwa uta, kopanda kudumpha. Pa patani zazifupi, kumene reactive imalusa ikafika pouma, urethane imamvera. Koma dziwani mbali yake ina. Simwa mafuta kwenikweni, imangowanyamula n'kuwakankhira kumapeto, choncho leni imasintha msanga kwa inu ndi anzanu. Komanso siilowa m'mapini mopendekera kwambiri, ndiye wozunguza pang'ono amasiya mapini apakona pafupipafupi. Ine ndimaiona ngati chida cha munthu wadzanja lamphamvu, kapena mpira wachitatu m'chikwama. Ngati mumalowa mipikisano, funsaninso malamulo ake, chifukwa mabungwe ena akhwimitsa za kulimba kwa urethane, monga linachitira bungwe la akatswiri a bowling la PBA kuyambira 2024.

Reactive resin inabwera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 n'kusintha masewera onse. Khungu lake lili ndi timabowo tosaoneka ndi maso timene timamwa mafuta, ndipo pouma limagwira mwamphamvu. Lilipo la mitundu itatu. La solid limagwira msanga ndipo limakhota mosalala. La pearl anasakanizamo tizidutswa tonyezimira, kawirikawiri ta mica, timene timalithandiza kuterereka patali n'kukhota mwamphamvu kumapeto. La hybrid ndi kuphatikiza ziwirizi.

Kwa anthu ambiri osewera pa mafuta ochepa kufika apakatikati, ndimalangiza kuyamba ndi pearl kapena hybrid ya gulu lofatsa. Mawu oti lofatsa ndi ofunika, chifukwa dzina loti pearl palokha silitanthauza kufooka. Kampani iliyonse ili ndi makungu amphamvu ndi ofatsa, ndipo pearl ya pamwamba penipeni ikhoza kugwira kuposa solid ya m'munsi. Yang'anani mipira imene kampani yaiika m'gulu loyambira kapena lapakati. Storm ili ndi Tropical Surge, Brunswick ili ndi Rhino, Roto Grip ili ndi Hustle, Hammer ili ndi Raw. Pa mafuta apakatikati enieni, Storm Hy-Road, ya khungu la hybrid, yakhala ikugulitsidwa kuyambira 2008, ndipo kukhalitsa kotereku pamsika umene mipira imasintha chaka ndi chaka kukusonyeza kuti osewera amaikhulupirira.

Musachite manyazi ndi mawu oti gulu loyambira. Akatswiri amanyamula mipira yotereyi ndipo amaitulutsa leni ikapsa.

Chenjezo limodzi pa pearl. Ngati vuto lanu linali lija la mpira wodumpha ukakhudza pouma, pearl yopukutidwa kwambiri ikhoza kulikulitsa, makamaka pa house shot pamene malire a mafuta ndi pouma ali akuthwa. Mukaphonyera kunja pang'ono umalusa, mukaphonyera m'kati umapitirira osakhota. Zikatero hybrid, kapena solid yofatsa, imakupatsani mtendere.

Kusalala kwa pamwamba kuli m'manja mwanu

Mpira umatuluka m'bokosi utakhulidwa mwanjira inayake, ndipo nambala yake imalembedwa: 500, 1000, 2000, 3000, 4000, kapena amalemba kuti ndi wapolishi. Nambala ikachepa khungu ndi lokhakhala ndipo limagwira msanga. Ikakwera khungu ndi losalala ndipo mpira umapita patali. Pa mafuta ochepa yambirani pa 3000, 4000 kapena polishi. Pa apakatikati, 2000 kapena 3000 imagwira bwino ntchito.

Ubwino wake ndi woti zimenezi zimasinthika. Ndi mapadi okhulira monga a Abralon ndi madzi pang'ono, mpira womwewo umasanduka wina m'mphindi zochepa. Musanagule watsopano, yesani kaye kukweza wakale uja kufika 4000 n'kuupaka polishi. Nthawi zina vuto limathera pomwepo. Ndipo watsopanoyo akakhala wodumpha mopyola, kungochotsa kunyezimira ndi padi ya 3000 kumamukhazika mtima pansi. Khulani mpira wonse mofanana, mbali zonse, ndipo muchite zimenezi mpikisano usanayambe, chifukwa malamulo salola kusintha khungu masewera ali m'kati.

Werengani manambala awiri a mtima wa mpira

M'kati mwa mpira muli cholemera chopangidwa mwaluso, ndipo pa bokosi amalembapo RG ndi differential.

RG imanena kumene kulemera kwaunjikana. Malamulo a USBC amalola kuyambira 2.460 mpaka 2.800. Nambala yotsika ikutanthauza kuti kulemera kuli pakatikati, ndipo mpira umayamba kuzungulira msanga. Yokwera ikutanthauza kuti kulemera kwayandikira khungu, ndipo mpira umachedwa kuyamba, n'kusunga mphamvu. Ganizirani munthu wozungulira pa ayezi: akafumbata manja amazungulira mofulumira, akawatambasula amachedwa. Pa mafuta ochepa funani RG ya 2.53 kupita m'mwamba.

Differential imanena kuchuluka kwa mmene mpira umasinthira malo ogubuduzikira pamene ukuyenda. Mizere ya mafuta ija munaiona pakhungu ikatalikirana, ndiye kuti pa kuzungulira kulikonse mpira ukuponda ndi khungu louma, ndipo ukugwira kwambiri. Malire ake ndi 0.060. Pouma simukufuna zochuluka chotero. Pakati pa 0.020 ndi 0.040 m'pabwino, ndipo wozunguza pang'ono akhoza kukwera kufika cha m'ma 0.045.

Tiyerekeze ndi mipira yeniyeni ya mapaundi 15. Tropical Surge ili ndi RG 2.58 ndi differential 0.024, choncho imapita patali ndipo imakhota modekha. Hustle ili ndi 2.53 ndi 0.030, imayamba msanga pang'ono. Hy-Road ili ndi 2.57 ndi 0.046, imafika patali koma imabwerera ndi mphamvu, n'chifukwa chake imafuna mafuta ochulukirapo kuposa inzakeyo. Mukamvetsa kusiyana kwa itatuyi, mutha kuwerenga bokosi la mpira wina uliwonse.

Za maonekedwe a mtima sinditaya nthawi. Ulipo wofanana mbali zonse, umene amati symmetric, ndi wosafanana, asymmetric. Wosafananawo umasintha njira mofulumira ndipo umapezeka kwambiri m'mipira ya mafuta ambiri. Pa zimene tikukambazi tengani wofanana.

Kulemera

Mpira sungapose mapaundi 16, ndipo akuluakulu ambiri masiku ano amaponya wa 14 kapena 15. Sankhani umene mungauponye magemu atatu kapena anayi liwiro lanu osatsika, chifukwa pouma mkono ukatopa mpira umachedwa n'kukhota msanga. Dziwaninso kuti manambala a RG ndi differential amasintha ndi kulemera, ndipo makampani ena amaika mtima wosiyana m'mipira ya mapaundi 12 ndi 13. Werengani manambala a kulemera kumene mukugula.

Pitani kwa woboola ndi zonse mwasonkhanitsa

Paja amati safunsa anadya phula. Mpira wabwino woboola molakwika ndi ndalama zotayika, ndiye musauboole kwa munthu amene sanakuoneni mukuponya. Woboola wodziwa ntchito amayamba wapeza PAP yanu, malo a pakhungu amene mpira umazungulirapo ukangochoka m'dzanja lanu. Malowa ndi anuanu, safanana ndi a mnzanu. Kuchokera pamenepo amayeza mtunda wofika pa kadontho kamtundu kamene kali pakhungu, kosonyeza nsonga ya mtima, kamene amati pin.

Mtunda wa mainchi 3 ndi 3/8 ndi umene umatulutsa mphamvu zonse za mtima. Mukautalikitsa kufika mainchi 5 kapena 5 ndi theka, mpira umafatsa n'kupita patali, ndipo zimenezi n'zimene ambiri amafuna pa mafuta ochepa. Koma samalani kuti musafooketse chilichonse nthawi imodzi. Khungu lofatsa, polishi, differential yotsika, kuwonjezanso kaboolede kofooka, mapeto ake ndi mpira wosakhota konse. Mpira ukakhala wofatsa kale, kaboolede kapakati, ka mainchi 4 kufika 4 ndi theka, kamausiyira moyo. Kumbukirani kuti khungu mutha kulisintha mawa, koma bowo likaboola laboola, kulikonza kwake n'kutseka ndi kuboolanso.

Muuzeni woboolayo zonse: kutalika kwa patani, nthawi imene mumasewera, liwiro lanu, mapini amene mumasiya. Muonetseni vidiyo ija. Mutengerenso mpira wanu wakale kuti watsopanoyo asakhale mapasa ake, pakhale kusiyana koonekera pakati pa iwiriyi. Kuyambira pa 1 August 2020 malamulo a USBC salola bowo lowonjezera losagwiritsa ntchito pogwira mpira, ndiye ngati simulowetsa chala chachikulu, musaboole bowo lake.

Onetsetsani mmene mabowo akukhalira m'dzanja. Chala chachikulu chizituluka chokha popanda kukanirira, komanso musamachite kufinya kuti mpira usagwe. Dzanja lofinya limachedwetsa mkono, ndipo taona kale zimene kuchedwa kumachita pouma.

Upatseni nthawi, kenako muusamale

Musauweruze pa gemu yoyamba. Ponyani magemu asanu kapena asanu ndi limodzi pa leni ndi nthawi zimene munaugulira. Mpira wofatsa umakulolani kuima chakunja, pafupi ndi muvi wachiwiri, n'kuponya mzere wowongoka kuposa umene munazolowera. Yambirani pamenepo. Ukayamba kulowa cha pamphuno pa pini 1, sunthani mapazi matabwa awiri kulowa m'kati ndipo maso muwasunthe thabwa limodzi. Yang'anani kumene ukutulukira kumbuyo kwa mapini. Wolowa bwino umadutsa pakati pa pini 8 ndi 9. Ukamatulukira kumanja, kugunda 9 mokwana kapena kupitirira, ndiye kuti wapatuka chifukwa chofika wopanda mphamvu kapena usanayambe kugubuduzika, ndipo vidiyo idzakuuzani chimene chachitika mwa ziwirizi. Wotha mphamvu msanga mukweze nambala ya khungu. Wofika ukuterereka muitsitse.

Pukutani mpira ndi kansalu kouma musanaponye ulendo uliwonse. M'mipikisano ya USBC, kuyambira August 2019, nsalu youma yokha ndi imene imaloledwa masewera akayamba. Mukamaliza, utsukeni ndi mankhwala ake otsukira mpira musanauike m'chikwama, mafuta asanalowe m'kati. Polishi imafufutika ndi kuponya, ndipo mpira umene unali wonyezimira umayamba kugwira msanga pakapita magemu angapo, choncho muziibwezeretsa. Pakatha magemu ozungulira 60, mupite nawo kwa woboola akaukhule mwatsopano ndi kuutulutsa mafuta amene wamwa. Musausiye m'galimoto padzuwa kapena pozizira kwambiri, chifukwa khungu la reactive limang'aluka.